Tsamba Lomaliza

Tinafika ku Mangochi pa lole ya boma,
mipando itagadama, miyendo kumwamba,
Mwatitha atavala juzi yake ya ku Dedza
ngati kuti kuno kumagwa chifunga.
Thukuta lili kamukamu, iye osaivula.
Sabata yathunthu, osaivula.

Ine ndinali ndi kalata yondisamutsa
ndi wodi ya amayi oyembekezera.
Iye anali ndi zaka zinayi ndi pakamwa potseka.

Ku mkombaphala, kuseri kwa mzikiti,
anzake ankathamangitsana m'Chiyao,
iye atatsamira khoma, chala m'kamwa,
kapu ya phala ikutera ntchentche.
Aphunzitsi, Abiti Jafali, anandikokera pambali:
"Kodi mwanayu amalankhula?"
Ndinati kwathu ankatisowetsa mtendere.
Sanandikhulupirire.

Bukulo ndinaligula Loweruka pamsika,
pakati pa nsapato za kaunjika ndi mabatire,
chikuto chitadyedwa ndi mphemvu,
mawu ake a chilankhulo chomwe sindichidziwa.
Tinatsala ndi zithunzi:
kamnyamata, dengu, nkhuku yofiira m'dengumo,
galimoto yodzaza katundu,
nyumba ikucheperachepera kumbuyo.
Tsamba lomaliza wina anang'amba.
Kaya anakulungira mtedza.

Usiku, m'neti, magetsi atathima,
ndinawalitsa tochi ya foni.
Mwatitha anaika chala pa kamnyamatako.
"Akulira?"
"Kaya. Iwe ukuona bwanji?"
"Wasiya galu wake."
Pachithunzipo panalibe galu.
Galu tinamusiya ndife, kwa a Nachisale,
atamangidwa ku mtengo wa pichesi.
Ndinazimitsa tochi kuti asandione kumaso.

Lolemba anakana kupita popanda bukulo.

Zinazi ndinachita kumva, ndinali kuntchito.
Akuti kamnyamata kena, Twaibu,
ka chipsera pachipumi, kabudula wolendewera,
kanadzanjuta pambali pake osapempha,
nkuloza m'dengu muja: "Nguku!"
Mwatitha anachotsa chala m'kamwa.
"Nkhuku."
"Nguku!"
"Nkhu-ku!"
Anakangana mpaka phala linapola.
Patsamba lachitatu mbuzi inasanduka mbusi,
madzi a mumtsinje anasanduka mesi,
ndipo akuti mwana wanga anaseka chikhakhali
moti Abiti Jafali anatuluka m'khitchini
chipande chili m'manja,
kudzaona kuti mlendoyo ndi ndani.

Atafika pong'ambika paja, nkhani inawathera.
Twaibu anati mnyamatayo anakwera kabaza
nkuwoloka mlatho wa pa Shire.
Mwatitha anati ayi, anapeza mnzake.
Mlandu unatha pogwirizana zonse ziwiri.
Anawapatsa katoni ya sopo ndi khala.
Anajambula njinga ya mateyala atatu,
anthu awiri a mitu ngati malambe,
nkhuku yaikulu kuposa mlatho,
ndipo chapansi, pakona,
kanthu kena ka miyendo isanu.
"Ameneyu ndi galu," anandiuza madzulo.
"Wabwera yekha."

Tsambalo tinalimata ndi phala la chinangwa.
Bukulo silitsekeka bwino tsopano.

Juzi ija ndinaipeza Lachinayi pansi pa bedi,
nyerere zikuyendamo.

Dzulo kunamveka odi.
Mayi ake a Twaibu, mpango wobiriwira kumutu,
kudzabweza buku lomwe linagonera kwawo,
mango anayi atawamanga pansalu.
Anaima pakhomo. Ndinaima pakhomo.
Mwezi wathunthu m'tauni muno
ndalandira makanda makumi atatu m'manja mwanga,
koma palibe anakhalapo pamkeka wanga.
Ana anali atagona kale chafufumimba,
mitu itagundana patsamba loyamba.
Chiyao changa chonse ndi mawu atatu,
ndipo ondiphunzitsa ali ndi zaka zinayi.

Ndinaloza ndowa.
"Mesi?" ndinatero.

Anaseka mpaka kugwira chitseko,
nayankha m'Chichewa chosalala kuposa changa:
"Ozizira, ngati alipo."
Kenaka anavula masilipasi.